KULAWA N'KWINA, KUMWA N'KWINA

M'chilankhulo chathu muli mau awiri amene ngakhale mwana sawasokoneza: kulawa ndi kudya. Mai akamaphika ndiwo amatapa msuzi pang'ono ndi mthiko, nadontheza pachikhatho, nanyambita. Palibe amene anganene kuti maiwo adya. Iwo angofuna kudziwa ngati mchere wakwana, ndiponso ngati nsinjiro zalowerera m'masamba. Wolawa amakhala ndi funso m'mutu mwake, ndipo akapeza yankho amaleka. Pa zakumwa napo mau alipo awiri, kulawa ndi kumwa, koma apa ndi pamene ambiri a ife timaiwala malire ake.

Mwezi uno ndifuna kukamba za anthu ena a kutali amene ntchito yao ya moyo wonse ndi kulawa, ndipo chimene amalawacho ndi mowa waukali zedi. Ndidziwa kuti ena mwa inu owerenga, makamaka amai amene mwakhetsapo misozi chifukwa cha botolo, mudabwa kuona wansembe akudzaza tsamba lino ndi nkhani ya mowa. Ndikupemphani kuti mupirire nane kufikira kumapeto. Misozi yanuyo ndikuidziwa, pakuti ina mumadzaikhetsera pakhomo pathu pomwe. Koma ndaona kuti anthu olawawa ali ndi nzeru ina imene mabanja athu akuisowa: nzeru yodziwa chinthu chaukali popanda kugonjetsedwa nacho, ndi yochipezera malo ake oyenera.

Mowa umene ndikunenawu dzina lake ndi bourbon. Ndi mtundu wa wisiki wa ku America, ndipo wambiri amatchezedwa m'dera la Kentucky. M'chaka cha 2023 migolo ya mowawu imene inali kugonera m'deralo inapitirira 12 miliyoni, pamene anthu okhala kumeneko ali ngati 4.5 miliyoni okha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pakati penipeni pa dziko la migololi ndi pamenenso pali chimake cha Chikatolika cha kumeneko. M'chaka cha 1785 mabanja achikatolika anachoka ku Maryland motsogozedwa ndi Basil Hayden, nakakhazikika m'mbali mwa kamtsinje ka Pottinger's Creek. Hayden anali mlimi, komanso ankatcheza mowa, ndipo pa malo amene iye anapereka ndi pamene akhristu anamangapo tchalitchi cha Holy Cross mu 1792, choyamba cha Katolika m'Kentucky monse.

Mu 1808 Papa Pius VII anakhazikitsa dayosizi ya Bardstown, tsiku limodzi ndi madayosizi a New York, Boston ndi Philadelphia. Mu 1848 amonaki a chipani cha Trappist anafika kuchokera ku France namanga nyumba yao ya Gethsemani pafupi ndi Bardstown pomwepo. Mlembi wotchuka uja Thomas Merton anali mmonaki wa nyumbayi kuyambira 1941 kufikira imfa yake mu 1968. Munthu ukamayenda m'misewu ya kumeneko umaona mtanda wa tchalitchi paphiri ili, nyumba yosungiramo migolo paphiri linalo. Ine ndinaziona izi ndi maso anga pamene ndinakhalako miyezi itatu mu 2023, ndikuthandiza m'parishi ina imene akhristu ake ambiri amadyera ntchito ya mowawu.

Kodi alimi opembedzawa anayambiranji kutcheza? Chifukwa chake mlimi aliyense wa chimanga angachimvetse. Nthaka inali yachonde, chimanga chinkachuluka, koma misewu kunalibe ndipo misika inali kutali. Chimanga chimafumbwa, chimalemera ponyamula; mowa sufumbwa, ndipo matumba ambiri a chimanga amakwana m'mgolo umodzi. Madzinso anawathandiza, poti kumeneko amadutsa m'miyala ya laimu imene imasefa chitsulo, chimene chikadadetsa mowa ndi kuuwawitsa. Tsono tingathe kunena kuti bourbon ndi kachasu wathuyu ndi pachibale: onse awiri kholo lao ndi chimanga, onse awiri amatuluka m'mpope ali mbee ngati madzi. Amasiyana pa zimene zimachitika mowawo ukatuluka m'mpopemo.

Lamulo la dziko la America linaika malire okhwima. Kuti mowa utchedwe bourbon, pa magawo 100 a mbeu zofululira, magawo osachepera 51 akhale chimanga. Otsalawo kawirikawiri amakhala mbeu yotchedwa rye kapena tirigu, pamodzi ndi chimera cha barele. Potcheza, ukali wake usapitirire magawo 80 pa 100. Pouthira m'mgolo, usapitirire magawo 62.5. Mgolowo ukhale watsopano, wa mtengo wa oak, wowaulidwa ndi moto m'kati mwake. Saloledwa kuthiramo utoto kapena zokometsera. Madzi okha ndiwo aloledwa. Malamulo otere sanabwere popanda chifukwa. Kale kunali achinyengo amene ankatenga mowa wosagonera, naudetsa ndi madzi a fodya ndi zina zotero, namaugulitsa ngati wakale. Nyumba ya malamulo inayamba kuletsa chinyengochi ndi lamulo la mu 1897, ndipo mu 1964 inalengeza kuti bourbon ndi chakumwa cha dziko la America lokha.

Mgolo umodzi umalowa malita ngati 200. Amisiri amaupanga popanda msomali kapena zomatira. Matabwa amangogwirana okha atamangidwa ndi mikombero yachitsulo. Asanautseke amayatsa moto m'kati mwake kwa nthawi yosafika mphindi imodzi. Motowo umasiya makala pamwamba pa thabwa, ndipo kunsi kwa makalawo shuga wa mumtengo amapsa nafiira. M'nyengo yotentha mowa umafufuma nulowa m'thabwa kupyola makala aja. M'nyengo yachisanu umabwerera, utatenga kufiira, fungo ndi kutsekemera kwa mtengo, pamene makala asefako zina zoluma kukhosi. Kulowa ndi kutuluka kumeneku kumachitika chaka ndi chaka, zaka 4, zaka 8, mwina 12. Maonekedwe onse ofiira a bourbon amachokera m'thabwa.

Kudikiraku kuli ndi mtengo wake. Thabwa limapuma, motero chaka chilichonse magawo ngati 3 kufikira 5 pa 100 amauluka ngati nthunzi. Eni ake amati limeneli ndi gawo la angelo, ndipo ankakonda kundiseka kuti poti ndine wansembe ndikawauze angelowo achepetseko. Mgolo umene wagonera zaka 10 ungathe kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso kuposa. Ngozi nazo zilipo. Mu November 1996 moto unabuka pa kampani ya Heaven Hill ku Bardstown nupsereza migolo yokwana ngati 90,000. Nyumba ndi makina zikhoza kugulidwa, koma zaka zimene mowa uja unagonera palibe sitolo imene imagulitsa. Akuluakulu a kumeneko amakumbukirabe kuti makampani opikisana nayo anaithandiza kutcheza mowa wake kufikira itapeza malo ena mu 1999.

Migolo imagonera m'nyumba zazitali za nsanjika 7 kapena 9, ndipo zambiri mwa nyumbazi sazitenthetsa kapena kuziziziritsa. Apa ndi pamene pali chinthu chimene chinandidabwitsa koposa. Tengani migolo iwiri yodzazidwa tsiku limodzi, ndi mowa wa chimanga chimodzi, wotchezedwa ndi munthu mmodzi. Wina muuike pansanjika yapamwamba, pansi pa malata, pamene pamatentha ndi kuuma. Winawo muuike pansi, pamene pamazizira ndiponso pali chinyezi. Patapita zaka 8 simungakhulupirire kuti inali pachibale. Wapamwamba uja wataya madzi ambiri, ukali wake wakwera kuposa umene unalowa nao, wada, ndipo umaluma ngati tsabola. Wapansi uja ndi wofatsa, wotuwirako, ndipo nthawi zina ukali wake umatsika. Malo amene mgolo unakhala ndiwo aupatsa khalidwe.

Bourbon wamba amamupanga posakaniza migolo mazanamazana, kuti kusiyana konseku kusowe, kenaka amathiramo madzi kufikira ukali utsike pa magawo 40 kapena 45. Koma pali njira ina. Wolawa amasankha migolo yowerengeka yokha, kaya 10, kaya 50, naisakaniza. Kumeneko amati small batch, ndiye kuti mphika waung'ono, ngakhale lamulo silinena kuti migoloyo ikhale ingati. Ndipo akauthira m'botolo monga momwe watulukira m'mgolo, osathiramo madzi, amati barrel proof, ukali wa m'mgolo. Mau oti proof ndi muyeso wao wa ukali: proof 120 ndi magawo 60 pa 100. Amene anatchukitsa njirayi ndi Booker Noe, mdzukulu wa Jim Beam, amene anabadwa mu 1929 namwalira mu 2004. Iye ankasankha migolo ya pansanjika zapakati n'kumapatsa abwenzi ake ngati mphatso ya Khirisimasi, ndipo mu 1988 mowawo unayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Booker's, ukali wake uli pakati pa magawo 60 ndi 65.

Mkulu wina wa m'parishi ija, amene anagwira ntchito yolawa zaka zoposa 30, anandiitana m'mawa wina kuti ndikaone m'mene amachitira. Anandichenjezeratu kuti ndisadzole mafuta onunkhira ndiponso ndisadye tsabola. Tinalowa m'nyumba ya migolo, momwe munali mdima ndi fungo lokoma la thabwa lonyowa. Anazula chotsekera cha mgolo, nalowetsamo kampope ka mkuwa kamene iwo amakatcha mbala, poti kamaba mowa pang'ono mgolo osadziwa. Anatapa motero m'migolo 6 ya nsanjika zosiyana, nathira m'timabotolo, nalembapo manambala. Kenaka tinapita m'kachipinda kowala, kopanda fungo lililonse, momwe munali tebulo, timatambula, jagi ya madzi, buku lolembamo, ndi chidebe.

Chidebecho ndicho ndinayamba kufunsa. Mkuluyo anaseka nati, "Bambo, chimenecho ndicho chida chachikulu m'chipinda muno. Ndi cholavulira. Munthu amene amameza sangathe ntchito imeneyi, chifukwa akafika pa tambula yachinai lilime lake limakhala litagona. Ndaona anyamata anzeru akubwera muno. Amene anakonda mowa kuposa ntchito sanakhalitse."

Ndinaona m'mene ankachitira. Poyamba anakweza katambula kukuwala kuti aone kufiira kwake. Kenaka ananunkhiza, mphuno ili patali pang'ono, kukamwa kuli kotsekula, chifukwa mowa wa ukali wa m'mgolo ukauyandikira mwaphuma umatentha mphuno, ndipo sumvanso kanthu. Anakhala chete nthawi yaitali. Atatero anapsontha kadontho, nakayendetsa m'kamwa monse ngati akutafuna, nalavula, nadikiranso kuti amve chimene chatsala pa lilime. Pomaliza anathiramo madzi, nayambanso kununkhiza. Anandifotokozera kuti olawa ambiri amathira madzi kufikira ukali utsike pa magawo ngati 20, pakuti ukali umaphimba zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo madzi ndiwo amaulula zobisika. Zonse ankalemba: uwu ukumveka shuga wopserera ndi vanila, uwu mtedza wokazinga, uwu sinamoni ndi tsabola, uwu thabwa lachuluka. Migolo 6 inatitengera maola awiri, ndipo mowa umene unalowa m'mimba mwa mkuluyo sukadadzaza supuni ziwiri. Ndinakumbukira mwambi wa makolo uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kulawa kukatha pamabwera kusakaniza. Wosakaniza sayamba ndi migolo yathunthu. Amayamba ndi timiyeso ta mamililita. Amatenga magawo 40 a mgolo uwu, 30 a uwo, 20 a winawo, 10 a wotsiriza, nasiya masiku angapo kuti zigwirizane, nalawanso. Amasintha miyeso, nayesanso, mwina kakhumi. Salawa yekha: amaitana anzake, naika timatambula topanda maina, kuti wina asakondere mgolo umene anausankha yekha. Makampani ena amakonzekeratu kusiyanaku kuyambira pofulula. A Four Roses, mwachitsanzo, anatchuka kwa zaka zambiri ndi mitundu 10 ya mowa, yochokera ku miyeso iwiri ya mbeu ndi mitundu isanu ya yisiti, kuti wosakaniza akhale ndi zosankha zambiri.

Pa migolo 6 ija panali umodzi wochokera pansi pa malata umene unandikhosomoletsa. Ndinati, "Achikulire, uwu ndiye muutaya, si choncho?" Anapukusa mutu. "Iyai, Bambo. Paokha ndi wovuta, koma enawa ndi ofatsa mopitirira; mukawasakaniza okhaokha mupeza chinthu chotsekemera chopanda msana. Uwu ndiika gawo limodzi pa magawo khumi, ndipo ndiwo udzawaimiritsa onse." Anandionetsa zimenezi pomwepo, ndipo zinalidi choncho. Anandiuzanso kuti migolo iwiri yokoma kwambiri nthawi zina imati ikasakanizidwa n'kuzimitsana, kukoma konse n'kusowa. Kusakaniza sikutsata masamu okha. Pamafunika munthu wodziwa mgolo uliwonse payekhapayekha.

Koma panali mgolo wina umene anaukana atangonunkhiza. Kwa ine unali ngati inzake, kufikira atathiramo madzi. Pamenepo ndinamva kafungo ka nkhungu, ngati ka chimanga chimene chanyowa m'nkhokwe. Anati mgolo waukali uli ndi malo ake, koma wa nkhungu ulibe. Ungauthire m'migolo 50 yabwino, fungo lake lidzatulukirabe, ndipo udzaononga yonseyo. Wosakaniza amene ayesa kuubisa poopa kutaya ndalama amataya mphika wonse pamodzi ndi mbiri yake.

Abale anga, zimene ndinaona m'kachipinda kaja zandipatsa maganizo amene ndifuna kugawana nanu. Oyamba ndi okhudza mowa weniweniwo. Mpingo wathu suphunzitsa kuti chakumwa ndi choipa pachokha. Ambuye athu anachita chozizwitsa chao choyamba pa ukwati wa ku Kana, ndipo amene anazindikira ubwino wa vinyo uja anali mkulu wa phwando, munthu amene ntchito yake inali kulawa. Benedict Woyera, polemba malamulo a amonaki ake, anaona kuti kukadakhala bwino iwo akadaleka vinyo kotheratu. Koma podziwa kufooka kwa anthu anaika muyeso wa tsiku limodzi, nawachenjeza kuti asamwe kufikira kukhuta. Chimene Mpingo umafuna kwa ife ndi kudziletsa, ndipo kudziletsa kumayamba ndi kudziwa chimene uli nacho m'manja.

Tsono tiyeni tidzifunse moona mtima. Mkulu uja anakhala zaka 30 pakati pa mowa waukali woposa umene ambiri a ife tinauonapo, koma analera ana ake, ndipo Lamulungu lililonse ankafika ku Misa maso ali gwa. Nanga bwanji botolo limodzi la kachasu limagwetsa nyumba zambiri chotere pakati pathu? Yankho lina n'lakuti iye ankafuna kudziwa mowa, pamene ambiri a ife timafuna kuti mowa utiiwalitse. Munthu wofuna kuiwala salabadira kukoma. Amafunsa chabe kuti waukali ndi uti, wotchipa ndi uti. Amamwa mofulumira, m'mimba mulibe kanthu, ndalama ya feteleza kapena ya sukulu ili m'thumba. Sadziwa ukali wa chimene akumwacho, pakuti palibe anauyeza, ndipo sadziwa chimene wogulitsa wathiramo kuti ulume msanga. Bambo amene mukuwerenga tsamba lino, yesani kudzifunsa usiku uno: kodi ndimatha kuika tambula pansi mowa ukadalimo? Kodi ana anga amakondwa kapena amabisala ndikamalowa pakhomo?

Pali ena amene muyeso wao woyenera ndi kusakhudza konse, ndipo ameneyo asachite manyazi. Mkulu wolawa uja anandiuza kuti mbale wake weniweni sangalowe m'nyumba ya migolo, chifukwa fungo lokha limamudzutsira chilakolako. Banja lonse limamulemekeza, ndipo iye akabwera kudzacheza botolo siliikidwa patebulo. Mpingo uli ndi chitsanzo cha Matt Talbot wa ku Dublin, wantchito wamba amene anayamba kumwa ali ndi zaka ngati 12, nakhala chidakwa kufikira zaka 28. Mu 1884 analumbira kuleka, ndipo anasunga lumbirolo zaka 41, mothandizidwa ndi Misa ya tsiku ndi tsiku, kufikira imfa yake mu 1925. Papa Paul VI anamutcha Wolemekezeka mu 1975. Kwa munthu wotere, kuyesa kulawa n'kudziika pamsampha. Ife anzake tisamukakamize pa ukwati kapena pa chikumbutso ndi mau aja akuti kamodzi kokha sikapha.

Maganizo achiwiri ndi okhudza anthu. Munthu si mgolo, ndipo fanizo lililonse lili ndi polekezera. Komabe makolo adziwa kuti ana a mimba imodzi, oleredwa ndi nsima imodzi, amakula mosiyana. Wina moyo unamuika pozizira: anaphunzira bwino, anapeza ntchito, sanaone zowawa zambiri. Wina unamuika pansi pa malata: anaferedwa ali wamng'ono, anakagwira ntchito yakalavulagaga kutali ndi kwao, ananyozedwa. Woteroyo amabwera ndi mau oluma. Pa msonkhano wa mphakati ndiye amafunsa za ndalama za chopereka pamene ena onse akhala chete; m'banja ndiye amanena chimene ena akuchiopa. Timafulumira kunena kuti ndi wovuta, ndipo timakonza misonkhano iye osamuuza.

Wolawa sachita motero. Sayandikira mwaphuma, saweruza pa kupsontha koyamba, ndipo amafunsa kuti mgolowu unagonera pati. Mphakati wa anthu ofatsa okhaokha umakoma pokhala, koma tsiku limene mkazi wamasiye alandidwa munda, kapena thumba la mpingo lasowa, pamafunika munthu waukali uja kuti aimirire. Udindo wa atsogoleri, kaya bambo ndi mai m'nyumba, kaya apampando a mphakati, kaya ife ansembe, ndi kumudziwa munthuyo ndi kumupatsa gawo loyenera: asalamulire zonse, komanso asatayidwe kunja. Iyenso waukaliyo avomere kuti payekha sakwanira. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo tisaiwale madzi aja. Mowa wa ukali wa m'mgolo anthu amaulemekeza chifukwa sunabisidwe, uli monga momwe unatulukira. Komabe wolawa amauthira madzi kuti aumve bwino. Alipo akhristu amene amanyadira kuti iwo amanena chilungamo chosasungunula. Chilungamo n'chabwino, koma chikabwera ndi ukali wake wonse chimatentha khutu, ndipo womva samva kanthu koma kutentha kokhako. Kadontho ka chifundo sikachotsa choona. Kamathandiza kuti chimveke. Pa Misa iliyonse ine ndimathira kadontho ka madzi m'chikho cha vinyo wa mphesa. Cyprian Woyera, episkopi wa ku Carthage m'Africa muno, amene anafera chikhulupiriro mu 258, anaphunzitsa kuti madziwo akuimira ife anthu, vinyo akuimira magazi a Khristu, ndipo zikasakanizidwa palibe angazilekanitse. Chinsinsi chimenechi n'chachikulu kutalitali kuposa nkhani ya migolo. Koma kuyambira pamene ndinabwerako ku Kentucky, dzanja langa limadekha pothira kadonthoko.

Maganizo otsiriza ndi a mgolo wa nkhungu uja, ndipo ndi owawa. Kulolerana kuli ndi malire. Khalidwe laukali tingalipezere malo, koma nkhanza tilibe pozisakaniza. Mwamuna akamamenya mkazi wake ataledzera, mwana akamachitidwa zoipa ndi wachibale, msungichuma akamadya za mpingo, ife kawirikawiri timayesa kuzibisa pakati pa zabwino zambiri: timati amaimba bwino kwaya, timati ndi wa banja lolemekezeka, timati za m'nyumba saulula. Fungolo silitha, limalowa mwa ana, ndipo iwo amakalitulutsa m'mabanja ao. Apa fanizo lathu lithera, pakuti mgolo woonongeka sukonzeka, pamene munthu angathe kutembenuka mtima, ndipo chaulere cha Mulungu chimakonza zimene ife talephera. Koma kutembenukako kumayamba pamene wina walimba mtima kunena kuti pano pali fungo. Ankhoswe, akuluakulu a mpingo ndi ife ansembe tikakhala chete, tikuthandiza kuononga mphika wonse. Ndipo pamene moyo wa mai kapena wa mwana uli pangozi, nkhaniyo iyenera kufika kwa a boma oteteza anthu.

Ambiri a ife sitidzaliona botolo la bourbon wa ukali wa m'mgolo, ndipo sititayapo kanthu. Mtengo wa limodzi ungagule matumba a chimanga. Chimene tingatengeko kwa anthu a ku Kentucky aja n'chaulere. Mwezi uno, pa msonkhano wa mphakati wanu, munthu wovuta uja akayamba kulankhula, mumvetsereni kufikira atamaliza, ndipo pambuyo pake wina amuyendere kunyumba kuti amve kumene wachokera. M'nyumba mwanu, bambo ndi mai akhale pansi ana atagona, awerengere limodzi ndalama zimene zinapita ku mowa mwezi wathawu, osakalipirana. Ndipo ngati alipo pakati panu amene waona kuti tambula yamuposa mphamvu, asadikire Lenti. Abwere ku parishi sabata lomwe lino, tikambirane, tipemphere, ndi kufunafuna limodzi thandizo la achipatala ndi la anzake amene anadutsa njira yomweyo. Mulungu amene anatipatsa chimanga atipatsenso mtima wodziletsa.